Ndege Tinaigula kwa Mayi Wamasiye

Amuna anga anatchula za ndege koyamba tili pakhonde kwathu ku Ulongwe, nyengo yachisanu. Anali atangofika kuchokera ku Nampula pagalimoto, miyendo itatupa moti nsapato zinavuta kuvula. Ndinawatenthetsera madzi n'kumawathowa mapazi m'beseni.

"Mayi, ndikufuna tigule ndege," anatero.

Sindinaseke. Munthu ameneyu ndakhala naye kuyambira ali ndi njinga imodzi yokha, ndipo akati "ndikufuna tigule", ndiye kuti nkhaniyo yakhala m'mutu mwake nthawi yaitali.

"Yatsopano?" ndinafunsa.

"Yatsopano angaikwanitse ndani? Yogwirapo kale ntchito. Yaing'ono, ya jatu, ija ya injini za jeti, yokwera anthu ochepa."

"Bweretsani phazi linalo," ndinatero.

Ine kwathu ndi ku Lifidzi. Ndinaphunzira kumisau kwa masisitere, ndipo ndinaphunzitsa ana ang'onoang'ono kushikola zaka zambiri. Amuna anga ndi a ku Domwe. Pamene tinkakwatirana, iwo ankagula mbatata kwa alimi n'kumakagulitsa kumalire. Kuchoka panjinga tinafika pa kamiyau, lole yonyamula matumba, kamiyau inabala inzake, kenako tinayamba kugulitsa mbewu ndi feteleza. Chilichonse chachikulu chimene tinagulapo chinali chitadutsa kale m'manja mwa wina: kamiyau, chigayo, ngakhale nyumba imene tikukhalayi. Choncho zoti ndegeyo ikhala yakale sizinandiopse ngakhale pang'ono.

Chifukwa chimene ankaifunira ndegeyo ndinkachidziwa. Empereza yathu, ndiye kuti kampani yathu, inali itakula, ili ndi masitolo ku Tete, ku Beira, ku Nampula ndi ku Lichinga, ndipo amuna anga sakhulupirira sitolo imene sanaiponde okha. Ndege za anthu onse zilipo, koma sizinkagwirizana ndi maulendo awo. Kangapo konse anayamba atsikira ku Maputo n'kugona kumeneko kuti akafike kumpoto. Ndiye ankangosankha msewu, ndipo msewuwo unkawadya. Dokotala anali atawauza kale kuti thupi lawo silikufunanso kukhala pampando wa galimoto tsiku lonse. Mwana wathu woyamba, wamkazi, amene amayendetsa ofesi ya ku Tete, anali atafufuza n'kupeza kuti makampani a migodi ya ku Moatize akhoza kumaibwereka ndegeyo masiku amene ife sitikuifuna.

Emperezayo ndi ya tonse awiri, ndipo chinthu chachikulu sichigulidwa ine ndisanasaine. Ndinawauza bambo ndi mwana wawo kuti sindikukana, koma sindisainira chinthu chimene ndangochiona patelefoni. Ndinkafuna kuchigwira ndi manja anga.

Motero tinapita ku Joni anthu anayi: ine, amuna anga, mwana wathu, ndi enjenyeru wa ndege, bambo wachikulire wa ku Beira wosakonda kulankhula, amene tinamulemba ntchito kuti akhale maso athu. Ndege zimene tinkakaona zinali pabwalo lina laling'ono kunja kwa mzinda, m'zinyumba zikuluzikulu zamalata.

Yoyamba amuna anga anali ataikonda tisananyamuke n'komwe. Inali yoyera mbee, ya mzere wagolide m'mbali, mipando yake yachikopa chatsopano chonunkhira. Mkhalapakati amene ankaigulitsa anatilandira ndi khofi ndi mabisiketi, akulankhula Chingerezi chothamanga, mwana wathu akumasulira. Amuna anga anajambulitsa ataima pamakwerero, chithunzicho n'kutumiza kwa anzawo ku Domwe nthawi yomweyo.

"Bambo, mwafulumira," ndinawanong'oneza.

"Iyi ndi yathu basi, mayi. Simukuiona?"

Enjenyeru uja sanayang'ane n'komwe mzere wagolide. Anapempha kuti achotse kapeti ndi timatabwa tapansi chakumbuyo, pafupi ndi kachimbudzi. Anagwada, n'kuwalitsa tochi, kenako anatiitana. Pazitsulo zam'katimo panali zoyera ngati ufa, ndipo atakanda ndi chala, chitsulocho chinkafumbutuka.

"Dzimbiri la ndege limaoneka chonchi," anatero. "Zimakonzeka. Koma mpaka titatsegula zambiri sindingakuuzeni kuti lalekezera pati, ndipo mwiniwake sakufuna titsegule."

Amuna anga anabwerera kunyumba ya alendo nkhope itagwa. Sichinali chitsulo chimene chinkawapweteka, chinali chithunzi chija. Ndinawasiya. Mwamuna wamkulu akachita manyazi safuna womutonthoza. M'mawa mwake anadzuka okha n'kufunsa mwana kuti ina ija ili kuti.

Yachiwiri inali yosagwira mtima. Utoto wake unali utayamba kuzilala, mipando itachita makwinya, mpando wina chikopa chake chitaperepeseka pamene munthu amatsamiritsa mutu. Nditalowa ndinadabwa kuchepa kwake. Ine si wamtali, koma sindinathe kuimirira bwinobwino. Umayenda chowerama ngati ukulowa m'shapa, minibasi ija, itadzaza. Ndinakhala pansi n'kuyang'ana uku ndi uku. Zonse zinali zakale, koma zaukhondo, ndipo palibe chimene chinali chomangidwa ndi waya kapena chomatidwa mongobisa.

Apa enjenyeru analoledwa kutsegula paliponse pamene anafuna. Ntchitoyo inatenga masiku. Ankalowetsa kachingwe kokhala ndi kamera kumapeto m'kati mwa injini, ife tikuonera pa kanema timapeni tosawerengeka ta m'injinimo tikudutsa kamodzikamodzi. Ankawerenganso mabuku a mbiri ya ndegeyo ndi mwana wathu. Amuna anga ankazungulira ndegeyo manja ali kumbuyo, nthawi zina n'kumenya tayala ndi phazi monga amachitira ndi kamiyau. Ine ndinkakhala pampando wapulasitiki pafupi ndi khomo, pamene pamafika dzuwa, chifukwa m'nyumba zamalatazo mumazizira kuposa ku Lifidzi.

Ndili pomwepo tsiku lina masana, panafika mayi wachizungu wachikulire, wovala zakuda, atanyamula chikwama chopanda kanthu. Analowa m'ndege muja, n'kukhalitsamo. Potuluka, m'chikwamamo munali jekete, magalasi ndi kolona. Atandiona anandipatsa moni m'Chingerezi, ine n'kuyankha m'Chipwitikizi mosaganiza. Anaima.

"Ndinu a ku Mozambiki?" anafunsa, nayenso m'Chipwitikizi.

Ndinati inde, a ku Angoniya. Anati iye anabadwira ku Beira, makolo ake anasamukira ku Joni iye ali mtsikana. Anakoka mpando wina n'kukhala pafupi nane. Ndi pamene ndinadziwa kuti ndegeyo mwiniwake ndi iyeyo. Inali ya mwamuna wake, amene anamwalira chaka chapitacho.

Ndinamupepesa. Kenako ndinafunsa funso limene ndakhala ndikufunsa aliyense wotigulitsa chinthu chakale.

"Mayi, mundikhululukire. Mukuigulitsiranji?"

"Musaope, sanafere m'menemo," anatero, akumwetulira pang'ono. "Anafera kuchipatala, mtima. Ndege iyi ankaisamala kuposa thupi lake. Ikangotsokomola pang'ono, amisiri afika. Ana anga safuna zouluka, ine ndiribe kopita. Ikungokhala."

Anatulutsa kolona ija n'kumaipukuta ndi mpango. Ndinamufunsa ngati ndegeyo inawathandiza pabanja pawo.

"Anaigula kuti azifika msanga kunyumba," anatero. "Chaka choyamba zinalidi choncho, tinkadyera limodzi madzulo. Kenako anaona kuti malo amene kale anali kutali tsopano ali pafupi. Anatsegula ntchito kwina, kenako kwinanso. Pomaliza ndinkamuona mwa apo ndi apo kuposa nthawi imene ankayenda pagalimoto."

Sanalankhule modandaula. Ananena monga munthu amakuuzira kuti chitseko cha nyumba imene ukugula chimafuna kukankha ndi phewa. Anayang'ana amuna anga, amene nthawi imeneyo anali atasuzumira kunsi kwa phiko.

"Amuna anu ndi awo? Amayenda ngati wanga."

Tinaseka tonse awiri. Anandiuzanso kuti mpando woperepeseka uja ndi umene mwamuna wake ankakhalapo, ndipo anapempha kuti tikaigula ndisanyansidwe nawo. Ndinamuuza kuti kwathu mpando wakutha umasonyeza kuti panyumba pamakhala anthu. Potsanzikana anandigwira manja onse awiri.

Enjenyeru atamaliza anatiuza zimene anapeza: mabuleki ofunika kusintha, zipangizo zina zakutsogolo zachikale, ndi injini imodzi imene nthawi yake yokakonzedwa kwakukulu sinali kutali kwambiri. Zonsezi anati n'zodziwika, ndipo mwana wathu akambirane ndi ogulitsa kuti mtengo utsike. Dzimbiri sanalipeze. Panatsala kuiyesa m'mwamba.

Tinakwera m'mawa kunja kuli ngwee. Kutsogolo kunali mapilotu awiri, enjenyeru atakhala kumbuyo kwawo, ife atatu m'mipando. Ndinali nditakwerapo ndege zazikulu, koma izi n'zina. Itayamba kuthamanga, msana wanga unakanikizika kumpando, ndipo tisanati n'komwe tapuma, nyumba zinali zitasanduka timabokosi. Ndinaona kuti ndikusangalala. Ndinkasuzumira pawindo ngati mwana.

Enjenyeru anapempha mapilotu kuti aipendeketse uku ndi uku, achepetse liwiro, atsitse matayala, awabwezenso. Pamene inapendekera kumanzere, ndinamva dzanja likundigwira mwamphamvu pabondo. Kutembenuka, amuna anga maso ali tseke, thukuta lili kamukamu pamphumi, milomo ikuyenda. Ankanena Tikuoneni Mariya.

"Ababa, muli bwino?" mwana anafunsa.

"Auzeni aiwongole," anayankha osatsegula maso.

Munthu amene anayendetsapo kamiyau yopanda mabuleki abwino kutsika mapiri a kwathu, ndi katundu wodzaza, anali kunjenjemera m'ndege imene ankaifuna yekha. Sindinawaseke pamaso pa alendo. Ndinangowagwira dzanja mpaka tinatera. Titatsika anapukuta nkhope, n'kukonza jekete, n'kunena mokweza kuti, "Ikuyenda bwino." Mwana wathu anathawira kuseri kwa ndege kukaseka.

Tsiku losaina lisanafike, tikumwa tiyi m'mawa kunyumba ya alendo, ndinamuuza mwana kuti atisiye kaye awiri. Ndinawafotokozera amuna anga zonse zimene mayi wamasiye uja anandiuza. Anamvetsera akutakasa shuga.

"Ine si mzungu ameneyo," anatero.

"Ndikudziwa. Komabe ndikufuna tipangane ndisanagwire cholembera."

"Nenani."

"Loweruka muzigona ku Ulongwe, Lamulungu tizipita limodzi ku misa. Ndipo sitolo ina yatsopano isatsegulidwe kulikonse chifukwa choti ndege ikhoza kufikako. Amene tili nawo atikwanira."

"Za masitolozo tidzakambirana."

"Tikukambirana panopa."

Amadziwa kuti ine sindikweza mawu, komanso sindibwerera. Anavomera ndi mutu.

"Palinso china," ndinatero. "Ndimakumvani mukamalankhula ndi oyendetsa makamiyau. Munthu akuti mvula yachuluka, mlatho wadzaza, inu mukuti pita basi, katundu akudikira. M'mwambamo zimenezo ayi. Pilotu akati lero sitinyamuka, ndiye kuti simunyamuka. Osamuopseza ndi ntchito, osamunyengerera."

Apa sanatsutse ngakhale pang'ono. Ndikhulupirira kuti kupendekeka kwa ndege kuja anali asanakuiwale.

Ndinasaina. Mayi wamasiye sanabwere tsikulo, anatumiza loya wake. Tinabwerera kwathu pandege ya anthu onse, chifukwa yathuyo inayenera kutsala kuti aikonze mabuleki, ndiponso mapepala oisamutsira dziko lino anatenga miyezi. Ku Domwe anthu anali atayamba kale kufunsa. Amene analandira chithunzi cha ndege ya mzere wagolide ankati, "Nanga ija ili kuti?" Amuna anga ankangoyankha kuti inali ndi matenda obisika. Ena anayamba kunong'onezana kuti palibe ndege iliyonse, chinali chithunzi chabe.

Itafika, inafikira ku Tete, ndipo ndi kumene imakhala mpaka lero, chifukwa kumeneko ndi kumene kuli mafuta ake ndi nyumba yoisungiramo. Ndiye kuti amuna anga akatsika ndege amakwerabe galimoto kukwera mapiri kubwera kuno. Anthu ambiri a kwathu sanaionepo, ndipo ena mpaka pano sakhulupirira. Zimenezo sizindivuta. Sitinagule kuti anthu aone.

Tinatenga bambo mfumu a parishi yathu pagalimoto kupita nawo ku Tete kuti akaidalitse. Kunkatentha koopsa, monga kumachitira kumeneko, ndipo madzi odalitsa ankauma asanatsetsereke n'komwe paphiko. Mapilotu athu awiri anaima mwaulemu. Wamkulu wa iwo ndi mayi wa ku Kelimane, wamfupi, wolankhula motsitsa. Mwambo utatha ndinamutengera pambali n'kumuuza pangano lija, kuti akadzakana kunyamuka ndipo bambo akavuta, adzandiimbire ine. Anaseka, koma nambala yanga anaisunga.

Miyezi inapita zinthu zikuyenda bwino. Miyendo ya amuna anga inaphwa. Anazolowera kuuluka, ngakhale mpaka pano ndege ikamakhota amatseka maso. Ankachoka Lolemba, kuzungulira masitolo, Loweruka ali pakhomo. Kamodzi anabwera ndi nkhani ya ku Pemba, kuti kuli malo abwino, alimi akusowa mbewu. Ndinangowayang'ana, iwo n'kusintha nkhani. Ndege ija imadya, zimenezo sindingabise. Ikakhala pansi imadya, ikauluka imadya. Koma a migodi amaibwereka, ndipo mwana wathu akuti ikudzisenza yokha mbali yaikulu.

Kenako inafika nyengo yamvula. Loweruka lina masana ndikusankha nyemba pakhonde, telefoni inalira. Anali amuna anga, ali ku Lichinga, mawu ali okwiya.

"Mayi, pilotu wanu uja wakana."

"Wati chiyani?"

"Akuti mitambo yatseka njira yonse mpaka ku Tete, kuli mabingu. Koma kuno kukungowaza pang'ono! Ndamuuza kuti ndili ndi pangano ndi akazi anga, lero ndiyenera kugona kwathu."

"Ndiye wayankha bwanji?"

"Akuti pangano lina lija akulidziwanso."

Ndinaika lichero pansi n'kuseka mpaka misozi. Iwo kumbali inayo sankaseka.

"Mukuseka chiyani? Malamulo anu omwe akulimbana okhaokha. Ndimvere liti?"

"Mverani pilotu, bambo. Kagoneni. Ku Lichinga nakonso kuli tchalitchi, mukapemphere kumeneko."

Anang'ung'udza pang'ono, n'kufunsa ngati mvula yagwa kumunda wa ku Lifidzi, ndipo ndinati yagwa yabwino. Pilotu uja sanandiimbire, panalibe chifukwa.

M'mawa mwake ndinapita ndekha ku misa. Potuluka, amayi ena a m'kwaya anandifunsa kuti bambo ali kuti, poti ndinkanena kuti masiku ano sajomba. Ndinawauza kuti atsekeredwa ndi mitambo ku Lichinga. Anayang'anana, wina n'kuti, "Mitambo?" Ndinawatsanzika n'kubwerera kunyumba.

Anafika Lolemba chakumasana, galimoto ili matope okhaokha. Anatsika atanyamula kathumba ka nyemba za ku Nyasa zimene anagula pamsika wa ku Lichinga podikira kuti kunja kuyere, zamawangamawanga, zamtundu umene kuno kulibe. Anati wogulitsayo wawauza kuti zimapsa msanga ndipo zimakonda malo ozizira. Tinazithira pamphasa n'kumazisanthula ndi zala, tikukangana ngati tiziphike kapena tizisunge kuti tidzayese kudzala kudimba. Pomaliza tinagawa pakati.